Mafunso ndi mayankho: kuyerekeza mpira wa m'sukulu za sekondale m'zigawo zosiyanasiyana za ku America

Mwezi wa Ogasiti ukamatha, sukulu zikamatsegulidwa ku United States, mkangano wakale umabukanso pakati pa anthu okonda masewero. A ku Texas amati mpira weniweni uli kwawo, a ku Florida amati anyamata aliwiro amabadwira kwawo, a ku California amaloza matimu awo awiri omwe kwa zaka zingapo akhala akugonjetsa pafupifupi aliyense, pamene a ku Ohio ndi Pennsylvania amakumbutsa anzawo za mbiri yawo. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera kawirikawiri pa mkanganowu.

Kodi ndi mpira uti umene tikukamba pano, ndipo amasewera ndani?

Tikukamba za mpira wa ku America, wosongoka mbali zonse ziwiri, womwe amaunyamula m'manja, kuthamanga nawo ndi kuuponya. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, ovala zipewa zolimba ndi zotetezera mapewa, ndipo timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite patsogolo mayadi 10 pa bwalo la mayadi 100. M'sukulu za sekondale amasewera ndi ophunzira a m'makalasi anayi omaliza, kuyambira giredi 9 mpaka 12, azaka zapakati pa 14 ndi 18, ndipo masewero amagawidwa m'ndime zinayi za mphindi 12 iliyonse, osati 15 monga amachitira m'makoleji ndi mu ligi ya akatswiri ya NFL. Anyamata pafupifupi 1 miliyoni amasewera mpirawu chaka chilichonse. Mwambo wake ndi wakuti Lachisanu usiku ndi la sukulu za sekondale, Loweruka ndi la makoleji, ndipo Lamulungu ndi la NFL.

Bwanji sakonza mpikisano wa dziko lonse kuti mkangano uthe?

Chifukwa choyamba n'chakuti chigawo chilichonse chili ndi bungwe lakelake loyendetsa masewero a m'sukulu. Ku Texas kuli UIL, ku California kuli CIF, ku Florida kuli FHSAA, ku Georgia kuli GHSA, ndipo bungwe lililonse limakhazikitsa nthawi yoyambira, malamulo osamukira ku sukulu ina ndi kagawidwe ka matimu m'magulu. Bungwe la dziko lonse la NFHS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1920 ndipo likulu lake lili ku Indianapolis, limalemba malamulo a m'bwalo, koma silikonza chikho cha dziko lonse. Ngakhale malamulowo si onse amawatsatira, pakuti Texas imagwiritsa ntchito malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero m'makoleji, atasinthidwa pang'ono, ndipo Massachusetts inkachita chimodzimodzi mpaka 2018.

Chifukwa chachiwiri ndi thupi la wosewera. Mpirawu ndi wogundana kwambiri moti timu imasewera kamodzi kokha pa sabata, ndipo timu yotenga chikho m'magulu akuluakulu a ku Texas imakhala itasewera kale masewero 16, omaliza akuchitika kutatsala masiku ochepa kuti ifike Khirisimasi. Kuwonjezera masabata ena pa ana asukulu otere, ndi maulendo apandege pakati pa malo otalikirana makilomita masauzande, n'chinthu chomwe aphunzitsi ndi madokotala ambiri sangachivomereze, ndipo ine ndikuona kuti akulondola. Matimu omwe amatchedwa akatswiri a dziko lonse amasankhidwa ndi atolankhani ndi makompyuta: nyuzipepala ya USA Today yakhala ikutulutsa mndandanda wa matimu 25 apamwamba kuyambira 1982, ndipo tsamba la MaxPreps nalo limatulutsa wake. Nthawi zina mindandandayi siigwirizana.

Nanga tiyeze chiyani kuti kuyerekezaku kukhale kwachilungamo?

Anthu ambiri otsutsana pa nkhaniyi amakhala akuyankha mafunso atatu osiyana osazindikira. Wina akufunsa kuti timu yamphamvu kuposa zonse ili kuti. Wina akufunsa kuti ndi chigawo chiti chimene chimatulutsa osewera ambiri opita ku makoleji akuluakulu ndi ku NFL. Wachitatu akufunsa za kuchuluka kwa matimu abwino, kuti ukasiya matimu khumi apamwamba n'kutsika kukafika pa timu ya nambala 50 kapena 100 m'chigawocho, upezabe anyamata ophunzitsidwa bwino, mpikisano wolimba ndi anthu odzaza bwalo kapena ayi.

Ine ndimakhulupirira kuti funso lachitatuli ndi limene limanena zoona za chigawo. Mlimi sayesa munda wake ndi phesi limodzi lalitali lomera pachulu, amauyesa ndi zomwe zalowa m'nkhokwe. Sukulu imodzi yolemera itha kusonkhanitsa anyamata aluso kuchokera kutali n'kupanga timu yoopsa m'chigawo chomwe mpira wake wamba ndi wofooka, koma matimu abwino mazanamazana sapangidwa ndi ndalama za munthu mmodzi. Amafuna aphunzitsi ambiri odziwa ntchito, ana oyamba kusewera adakali aang'ono, ndiponso matauni omwe amaona timu ya sukulu yawo ngati chinthu chawo.

N'chifukwa chiyani dzina la Texas limatchulidwa poyamba nthawi zonse?

Choyamba ndi kuchuluka. Texas ili ndi anthu oposa 30 miliyoni, ocheperapo poyerekeza ndi California yomwe ili ndi pafupifupi 39 miliyoni, komabe anyamata osewera mpirawu ku Texas amaposa 150,000, pamene ku California m'zaka zapitazi sanafike 100,000. Sukulu zoposa 1,000 zimasewera pansi pa bungwe la UIL, lomwe linayambitsidwa ndi University of Texas mu 1910. Sukuluzi zimagawidwa m'magulu asanu ndi limodzi, kuyambira 1A ya timasukulu takumudzi mpaka 6A ya sukulu za ophunzira oposa 2,200, ndipo gulu lililonse limatulutsa akatswiri awiri, kutanthauza zikho 12 pa chaka. Masewero otsiriza amachitikira pa bwalo la AT&T ku Arlington, kwawo kwa timu ya Dallas Cowboys, ndipo mu 2013 anthu oposa 54,000 anaonerera Allen ikulimbana ndi Pearland.

Mabwalo a kumeneko ndi omwe amatchuka kwambiri pa intaneti. Bwalo la sukulu ya Allen, kumpoto kwa Dallas, linatsegulidwa mu 2012, linadya madola pafupifupi 60 miliyoni ndipo limalowa anthu 18,000. Ku Katy, pafupi ndi Houston, anatsegula lina mu 2017 la madola pafupifupi 70 miliyoni. Ndalamazi ndi ngongole zomwe anthu a m'deralo amavomereza pa voti n'kumabweza kudzera m'misonkho, choncho zimaonetsa mmene anthuwo amaukondera mpira, ngakhale kuti bwalo lokongola pa lokha siliphunzitsa mwana kuponya mpira.

Chomwe chimasiyanitsa Texas kwenikweni sichioneka pa zithunzi. Malamulo a UIL amafuna kuti mphunzitsi wa timu akhale wolembedwa ntchito yokhazikika ndi ofesi ya maphunziro ya deralo, kotero kuti aphunzitsi a mpira amakhala pasukulu tsiku lonse, ambiri akuphunzitsanso m'kalasi. M'zigawo zina, California ikuphatikizidwapo, sukulu zambiri zimadalira anthu omwe amagwira ntchito kwina n'kumabwera madzulo okha. Ku Texas ophunzira amakhalanso ndi ola la masewero mkati mwa ndandanda ya maphunziro ya tsiku ndi tsiku chaka chonse, ndipo m'madera ambiri matimu a ana a giredi 7 ndi 8 amaphunzira kale kaseweredwe komwe adzakakupeze ku sekondale. Mnyamata akamafika m'kalasi lomaliza amakhala atachita zinthu zomwezo kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. N'zosadabwitsa kuti chigawochi chatulutsa osewera ambiri a udindo wa quarterback (wosewera wotsogolera timu ikakhala ndi mpira, amenenso amauponya kwa anzake), womwe umafuna kuphunzitsidwa kwambiri kuposa udindo wina uliwonse: Drew Brees ndi Nick Foles anachokera ku Westlake ya ku Austin, Baker Mayfield ku Lake Travis, Patrick Mahomes ku Whitehouse, Jalen Hurts ku Channelview, ndipo Kyler Murray anatsogolera Allen pa masewero 42 osagonja ngakhale kamodzi, n'kutenga zikho zitatu kuyambira 2012 mpaka 2014.

Ngati Texas ndi yamphamvu chotero, bwanji matimu ake anagonja moipa kwa matimu a ku California?

Zinachitikadi. Mu 2021 timu ya Mater Dei ya ku Santa Ana inapita ku Texas n'kugonjetsa Duncanville ndi mapointi 45 kwa 3, ndipo chaka chotsatira St. John Bosco ya ku Bellflower inagonjetsa Allen pa bwalo lake lomwe lija ndi mapointi 52 kwa 14. Duncanville si timu wamba, pakuti inatenga chikho cha gulu lapamwamba la ku Texas mu 2022 ndi 2023. Munthu wofuna kudziwa komwe kuli timu imodzi yamphamvu kuposa zonse ali ndi chifukwa chomveka cholozera kum'mwera kwa California.

Koma tiyenera kuona kuti matimuwa amapangidwa mosiyana. Duncanville ndi Allen ndi sukulu zaboma, zomwe malamulo amafuna kuti zitenge ana okhala m'malire a dera lawo. Mater Dei ndi St. John Bosco ndi sukulu za mpingo wa Katolika zopanda malire otero, ndipo zili m'dera la Los Angeles ndi mizinda yoyandikana nayo, komwe kumakhala anthu oposa 12 miliyoni. Mnyamata waluso wa kulikonse m'derali atha kulembetsa kumeneko. Zonse ziwiri zimasewera mu Trinity League, ligi ya sukulu zisanu ndi imodzi za mipingo yomwe ambiri amaitcha yovuta kuposa zonse m'dzikolo, ndipo Mater Dei yokha inaphunzitsa anthu atatu omwe pambuyo pake anapata mphoto ya Heisman, ya wosewera wapamwamba wa m'makoleji: John Huarte mu 1964, Matt Leinart mu 2004 ndi Bryce Young mu 2021. Zotsatira za masewero aja zikusonyeza mphamvu za sukulu ziwirizi, koma sizikunena zambiri za sukulu yaboma wamba ya ku California, komwe chiwerengero cha osewera chakhala chikutsika ndipo matimu ena amavutika kupeza anyamata okwanira.

Kodi masewero a pakati pa matimu a zigawo zosiyana angadaliridwe konse?

Amathandiza, koma ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri amaseweredwa kumayambiriro kwa nyengo, matimu asanakhwime, timu ina itayenda ulendo wautali n'kukasewera pa malamulo ndi oyimbira a eni bwalo. Sukulu ya De La Salle ya ku Concord, kumpoto kwa California, inapambana masewero 151 motsatizana kuyambira 1992 pansi pa mphunzitsi Bob Ladouceur, ndipo yomwe inathetsa mndandandawo mu Seputembala 2004 inali Bellevue ya m'chigawo cha Washington, ndi mapointi 39 kwa 20. Palibe munthu wodziwa mpira amene ananena kuti chifukwa cha usiku umenewo Washington yaposa California. Chimodzimodzinso mu 2007, pamene Miami Northwestern inapita ku Dallas n'kugonjetsa Southlake Carroll ndi mapointi 29 kwa 21, kuthetsa masewero 49 omwe timuyo inapambana motsatizana, chimene tinaphunzira n'chakuti timu ya ku Miami ya chaka chimenecho inali yapamwamba kwambiri, osati kuti mkangano wa Florida ndi Texas watha.

Kodi sukulu monga IMG Academy ziyenera kuwerengedwa ku chigawo chomwe zili?

Ine ndikuti ayi. IMG Academy ili ku Bradenton, ku Florida, ndipo inayamba mpirawu mu 2013. Ndi sukulu yogonera pomwepo yomwe ntchito yake ndi kukonzekeretsa achinyamata masewero, ndipo osewera ake amachokera m'zigawo zambiri ngakhalenso kunja kwa dzikolo. Timu yake yayikulu silowa nawo mpikisano wa chikho cha Florida. Kuiwerengera ku Florida n'kulanda zigawo zomwe zinalera anyamatawo ulemu wake.

Nkhani ya Bishop Gorman ya ku Las Vegas ndi yosiyana pang'ono koma phunziro lake ndi lofanana. Sukuluyi inatchedwa katswiri wa dziko lonse zaka zitatu zotsatizana, 2014, 2015 ndi 2016, ndipo kwawo ku Nevada, chigawo cha anthu ongoposa 3 miliyoni, kwa zaka zambiri imasowa timu yoti iipatse mpikisano weniweni. Kusalingana kotere kwabweretsa mikangano m'malo ambiri. Ku Louisiana, kuyambira 2013, sukulu zosankha ophunzira ndi zosasankha zinayamba kupikisana padera m'masewero ochotsana. Ku Baltimore, mu 2018, sukulu zina zinakana kusewera ndi St. Frances Academy. Ku Texas sukulu zambiri zomwe si zaboma zili m'bungwe lawolawo la TAPPS, ndipo n'chifukwa chake chigawochi chilibe timu yosonkhanitsa akatswiri ngati ya Mater Dei. Njala ya masewero a pa kanema inabalanso manyazi mu 2021, pamene IMG inagonjetsa timu yotchedwa Bishop Sycamore ndi mapointi 58 kwa 0 pa kanema wa ESPN, ndipo kafukufuku wa boma la Ohio anapeza kuti kunalibe sukulu yeniyeni yophunzitsa anyamatawo.

Nanga Florida imatchuka ndi chiyani?

Liwiro ndi luso lachibadwa. Kum'mwera kwa chigawochi, m'madera a Miami ndi Fort Lauderdale, ndi amodzi mwa malo otulutsa osewera ambiri a NFL m'dziko lonselo. St. Thomas Aquinas ya ku Fort Lauderdale inaphunzitsa Michael Irvin ndi abale awiri Joey ndi Nick Bosa, Miami Northwestern inaphunzitsa Teddy Bridgewater ndi Amari Cooper, ndipo Lamar Jackson anasewera ku Boynton Beach. Kumpoto, ku tauni yaing'ono ya Yulee, Derrick Henry anathamanga ndi mpira mayadi 12,124 m'zaka zake zinayi, n'kuphwanya mbiri yomwe Ken Hall wa ku Sugar Land, ku Texas, anaikhazikitsa mu 1953.

Malo omwe amandikhudza mtima kwambiri ndi matauni awiri osauka a m'mphepete mwa nyanja ya Okeechobee, Belle Glade ndi Pahokee, komwe anthu amadalira ntchito za m'minda ya nzimbe ndi ndiwo zamasamba. Eni ake amafotokoza kuti anyamata amaphunzira liwiro pothamangitsa akalulu omwe amathawa moto minda ya nzimbe ikamawotchedwa nthawi yokolola. Matauni ang'onoang'onowa atumiza anthu ambiri ku NFL, monga Fred Taylor ndi Santonio Holmes a ku Glades Central ndi Anquan Boldin wa ku Pahokee. Kufooka kwa Florida kuli pa zinthu zomwe Texas ili nazo mphamvu. Aphunzitsi a mpira amalandira ndalama zochepa moti ambiri odziwa ntchito amasamukira ku Georgia, anthu oonerera sachuluka m'mabwalo ambiri, ndipo lamulo la mu 2016 lomwe linafewetsa kusamuka sukulu lachititsa kuti osewera azidumphadumpha kufunafuna timu yopambana.

Tikatengera chiwerengero cha anthu, ndi zigawo ziti zimene zimatsogola?

Apa mayina amasintha, ndipo zigawo za kum'mwera chakum'mawa ndi zimene zimaonekera. Louisiana ili ndi anthu pafupifupi 4.6 miliyoni okha, koma kawirikawiri imapezeka pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba pa chiwerengero cha osewera a NFL poyerekeza ndi anthu ake. Sukulu imodzi yaing'ono ya ku New Orleans, Isidore Newman, inaphunzitsa Peyton Manning, Eli Manning ndi Odell Beckham Jr., ndipo Justin Jefferson ndi Ja'Marr Chase anakulira pafupi ndi mzinda womwewo. Kumeneko kulinso J.T. Curtis wa sukulu ya John Curtis Christian, yemwe mu 2023 anapitirira masewero 621 omwe John McKissick wa ku Summerville, ku South Carolina, anapambana, n'kukhala mphunzitsi wopambana masewero ambiri m'mbiri. Mississippi, ya anthu osafika 3 miliyoni, ndi kwawo kwa Walter Payton, Jerry Rice ndi Brett Favre.

Georgia ndi chigawo chomwe chakwera kwambiri m'zaka 20 zapitazi, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri sanazindikirebe kuti ikupikisana ndi zigawo zitatu zazikulu zija pa muyezo uliwonse. Ili ndi anthu pafupifupi 11 miliyoni, theka la a ku Florida. Kum'mwera kwake kuli mwambo wakale, pakuti sukulu ya Valdosta yapambana masewero oposa 900, kuposa sukulu ina iliyonse ku America. Kuzungulira Atlanta, komwe mabanja ambiri asamukira, kwabuka matimu amphamvu monga Buford, Grayson ndi Milton. Cam Newton, Trevor Lawrence ndi Travis Hunter onse anasewera m'sukulu zaboma za ku Georgia. Chigawochi chinaphatikiza luso longa la ku Florida ndi malipiro abwino a aphunzitsi onga a ku Texas.

Kodi Ohio ndi Pennsylvania zinatsalira?

Zinatsika, koma sizinathe. Ku Ohio, matimu a Massillon ndi Canton McKinley akhala akulimbana kuyambira 1894, ndipo Paul Brown, mmodzi mwa anthu omwe anaumba mpira wamakono, anaphunzitsa ku Massillon kuyambira 1932 mpaka 1940. Sukulu za Katolika monga St. Edward, St. Ignatius, Moeller ndi St. Xavier zikadali zamphamvu, ndipo kaphunzitsidwe ka m'chigawochi kamalemekezedwa. Kumadzulo kwa Pennsylvania, kuzungulira Pittsburgh, kunachokera Johnny Unitas, Joe Namath, Joe Montana, Dan Marino ndi Jim Kelly.

Mpira wa kumeneku unakula limodzi ndi mafakitale a zitsulo ndi migodi ya malasha, ndipo mafakitalewo atatsekedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabanja anasamukira kum'mwera ndi kumadzulo, atatenga ana awo. Tauni ya Aliquippa ndi chitsanzo chomvetsa chisoni ndiponso chopatsa ulemu. Inali ndi anthu oposa 25,000 fakitale yake ili pachimake, lero yatsala ndi pafupifupi 9,000, koma sukulu yake, yomwe inaphunzitsa Mike Ditka, Ty Law ndi Darrelle Revis, ikupitiriza kutenga zikho polimbana ndi sukulu zoiposa kwambiri pa chiwerengero cha ophunzira.

Kodi nyengo imakhudza bwanji kusiyanaku?

Imakhudza kwambiri. M'zigawo zofunda ana amasewera panja chaka chonse, ndipo malamulo amalola kukonzekera kovala zida zonse m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Ku Texas magulu a 5A ndi 6A amaloledwa masiku 18 a kukonzekera kotere, pamene ku Ohio mwambowu kulibe. Aphunzitsi a m'makoleji amayendera sukulu m'miyezi imeneyi, choncho mnyamata wa kum'mwera amaonedwa kawirikawiri kuposa mnzake wa kumpoto. Ku Alaska nyengo ya mpira imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Okutobala chifukwa cha chisanu ndi mdima. Kutenthako nako kuli ndi ngozi yake, chifukwa kukonzekera kwa mu Ogasiti kwaphetsapo ana, ndipo zigawo zambiri tsopano zili ndi malamulo oletsa kapena kufupikitsa kukonzekera kukatentha mopitirira muyezo.

Kodi gulu la 6A la chigawo china ndi lofanana ndi 6A ya kwina?

Ayi. Chigawo chilichonse chimadula malire ake potengera kukula kwa sukulu zake, moti sukulu yomwe ili m'gulu lapamwamba m'chigawo cha anthu ochepa ikanakhala m'gulu lapakati ku Texas, komwe Allen yokha ili ndi ophunzira oposa 5,000. Ku Ohio manambala amayenda mobwerera, Division I ndiyo ya sukulu zazikulu ndipo Division VII ndi ya zazing'ono. Kum'mwera kwa California matimu amaikidwa m'magulu a masewero ochotsana potengera mphamvu zomwe aonetsa, osati kukula kwa sukulu kokha.

Kodi nyenyezi zomwe masamba a pa intaneti amapatsa osewera ndi umboni wokwanira?

Masamba monga 247Sports, Rivals ndi ESPN amapatsa osewera nyenyezi, ndipo zisanu, zomwe ndi zapamwamba, zimapita kwa anyamata pafupifupi 30 pa chaka m'dziko lonse. Mukawerenga anthu ambiri pamodzi, nyenyezizi zimalosera bwino ndithu, ndipo chaka ndi chaka Texas, Florida, Georgia ndi California ndi zimene zimakhala ndi ochuluka. Vuto lake n'lakuti osaka luso amapita komwe anazolowera kupeza luso. Mwana wa kumudzi kapena wa m'chigawo chosatchuka, amene makolo ake alibe ndalama zomutumizira ku misasa yoonetsera luso, amaphonyedwa mosavuta. Patrick Mahomes anapatsidwa nyenyezi zitatu zokha. Josh Allen, wa ku tauni yaulimi ya Firebaugh ku California, sanaitanidwe ndi koleji yayikulu iliyonse atamaliza sekondale, ndipo anayamba wadutsa ku koleji yaing'ono ya Reedley asanapite ku Wyoming. Tikumbukirenso kuti mwa osewera 100 a ku sekondale, pafupifupi 7 okha ndi amene amapitiriza m'makoleji a NCAA, ndipo NFL imasankha osewera atsopano ongoposa 250 pa chaka. Kuyeza chigawo ndi anthu ochepa chonchi kumasiya kunja pafupifupi mwana aliyense amene amavala yunifolomu Lachisanu usiku.

Nanga zigawo zazing'ono zilibe chonena?

Zili nacho. Hawaii ili ndi anthu osafika 1.5 miliyoni, koma sukulu ya Saint Louis ya ku Honolulu inaphunzitsa Marcus Mariota ndi Tua Tagovailoa, ndipo Kahuku, sukulu yaboma ya kumpoto kwa chilumba cha Oahu komwe kuli mabanja ambiri ochokera ku Samoa ndi Tonga, inagonjetsa St. John Bosco mu 2023. M'zidikha za pakati pa dzikolo, komwe sukulu ina imakhala ndi anyamata osakwana 20, amasewera mpira wa anthu 6, 8 kapena 9. Wa anthu 6 unayambitsidwa ndi mphunzitsi Stephen Epler ku Chester, m'chigawo cha Nebraska, mu 1934, ndipo umaseweredwa pa bwalo la mayadi 80. Matimu amenewa sangayerekezedwe ndi a mumzinda pa mphamvu, koma gulu la 1A la ku Texas ndi la mpira womwewu, ndipo akatswiri ake amalandirira chikho pa bwalo lomwelo la ku Arlington.

Kodi mbiri zakale zingagwiritsidwe ntchito poyerekeza?

Zigwiritsidwe ntchito mosamala kwambiri, makamaka za kum'mwera. Mpaka m'zaka za m'ma 1960 sukulu za kumeneko zinali zosankhana mitundu, ndipo ana a anthu akuda ankapikisana m'mabungwe awoawo. Ku Texas bungwe lawo linali Prairie View Interscholastic League, lomwe linatha mu 1970 sukulu zake zitalowa mu UIL. Matimu omwe mabuku amawatcha akatswiri a chigawo m'zaka zimenezo sanakumanepo ndi osewera ena apamwamba kwambiri a m'chigawo chomwecho, ndipo zolemba zambiri za sukulu za anthu akuda zinatayika sukuluzo zitatsekedwa. M'malo ena munalibenso masewero ochotsana: ku Ohio anayamba mu 1972, kotero kuti zikho zambiri zakale za Massillon zinali zosankhidwa ndi atolankhani, ndipo timuyi inatenga chikho chake choyamba cha m'bwalo mu 2023. California inayamba masewero amakono a chikho cha chigawo chonse mu 2006.

Mutakakamizidwa kusanja, mungasanje bwanji?

Pa kuchuluka kwa matimu abwino, kaphunzitsidwe ndi chidwi cha anthu, ndingaike Texas patsogolo mosakayika, Georgia pambuyo pake. Pa luso la wosewera payekha, Florida ndi Georgia zili pamwamba, ndipo tikatengera chiwerengero cha anthu Louisiana ilowa pakati pawo. Pa timu imodzi yoti ikaimire chigawo m'masewero amodzi, m'zaka zaposachedwapa ndingasankhe ya kum'mwera kwa California. Popeza ndanena kale kuti muyezo wa kuchuluka kwa matimu abwino ndi umene ndimaupatsa kulemera, yankho langa lonse ndi Texas, ndipo chigawo chomwe ndikuona kuti chingadzailande malowo ndi Georgia, osati California kapena Florida.

Kodi kusanja kumeneku kungasinthe posachedwa?

Kungasinthe, chifukwa malire a zigawo ayamba kutaya mphamvu. Kuyambira 2021, pamene osewera a m'makoleji analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo, zigawo zakhala zikusiyana pa nkhani yolola ana a sekondale kuchita chimodzimodzi. California inali yoyamba kulola, pamene Texas inaletsa, ndipo chaka chomwecho Quinn Ewers, quarterback wa Southlake Carroll yemwe ankaonedwa ngati wapamwamba m'dziko lonse, anasiya chaka chake chomaliza cha sekondale n'kupita ku Ohio State kuti akathe kusaina mapangano a malonda. Zigawo zambiri tsopano zinalola, chilichonse ndi malamulo ake. Mabanja a ana aluso akusamuka potsata sukulu, aphunzitsi ndi ndalama, moti wofuna kuyerekeza zigawo masiku ano ayenera kufufuza kumene wosewera anakulira ndi kumene anayambira mpira, osangodalira dzina la sukulu yomwe anamalizirako giredi 12.